Momwe mungasankhire TV yopyapyala yoyenera nyumba yanu

Munthu akalowa m'sitolo ya zipangizo zamagetsi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, amapeza ma TV atandandalikidwa pakhoma, onse akuonetsa maluwa, nyanja ndi mizinda yowala usiku, ndipo m'maso mwake onse amaoneka abwino mofanana. Zithunzi zimenezo zinakonzedwa dala kuti zikope maso. Kunyumba kwanu TV idzakhala ikuonetsa nkhani za madzulo pa MBC, Times kapena Zodiak, mpira wa Loweruka ndi mafilimu a pa fulashi, pabalaza pomwe pali zenera lake, mipando yake ndi magetsi omwe amathima osatsanzika. N'chifukwa chake kugula TV kumayambira kunyumba, musanafike n'komwe kusitolo.

Choyamba: yezani pabalaza

Tengani tepi muyeze mtunda wochokera pamene TV idzakhale kukafika pampando womwe anthu amakhalapo kawirikawiri. Kukula kwa TV kumawerengedwa m'mainchi, ndipo amayeza mopingasa kuchokera pangodya yapansi kukafika pangodya yapamwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho TV ya mainchi 32 ndi ya masentimita pafupifupi 81 mopingasa ndi 71 m'lifupi, ya mainchi 43 imatenga masentimita pafupifupi 95 m'lifupi, ya mainchi 55 imatenga 122, pomwe ya mainchi 65 imafika 144. Lamulo losavuta n'loti mtunda wokhalapo ukhale pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka kukula kopingasako. Ngati mpando uli mamita 2 kuchokera pakhoma, mainchi 43 akukwanira bwino. Ngati uli mamita 3, mainchi 55 ndiwo oyenera.

Muyezenso tebulo kapena shelefu yomwe TV idzakhalepo, chifukwa ma TV ambiri a masiku ano ali ndi timiyendo tiwiri totalikirana kumapeto, ndipo tebulo lalifupi silingawalandire. Kenako onani komwe kuli zenera, nthawi yomwe dzuwa limalowa, komanso momwe anthu amakhalira poonera: kaya onse amakhala moyang'anizana ndi khoma, kaya ena amakhala cham'mbali. Zinthu ziwiri zimenezi zidzakuthandizani kwambiri pofika posankha mtundu wa sikirini.

Chachiwiri: dziwani komwe zithunzi zidzachokere

TV imangoonetsa zomwe yapatsidwa. Ngati mumaonera kudzera pa dekoda ya Kiliye Kiliye, GOtv, DStv, Azam kapena Zuku, dziwani kuti masiteshoni ambiri amaulutsabe zithunzi za mulingo wamba, ndipo omwe ali ndi zithunzi zooneka bwino kwambiri zotchedwa HD amafuna dekoda ya HD ndi chingwe cha HDMI. TV yaikulu ya 4K, yomwe ili ndi timadontho topanga chithunzi tochuluka kuposa HD, ikalandira chithunzi cha mulingo wamba imachitambasula kuti chidzaze sikirini, ndipo ikakhala yotsika mtengo nkhope za anthu zimaoneka ngati zapakidwa phala. Choncho amene alibe intaneti yodalirika kapena dekoda ya HD asathamangire kulipira ndalama zambiri chifukwa cha nambala yomwe maso ake sadzaiona.

Dziko la Malawi limaulutsa kanema wa digito mu njira yotchedwa DVB-T2, ndipo magetsi athu ndi a mavoti 230 okhala ndi pulagi ya mano atatu amakona anayi. Izi n'zofunika kwa omwe amatumiziridwa katundu ndi abale akunja. TV yochokera ku Britain imagwirizana nafe pa magetsi ndi pa pulagi yomwe. Yochokera ku South Africa imagwirizana pa magetsi, koma pulagi yake imakhala ya mano ozungulira ndipo iyenera kusinthidwa bwinobwino, osati kukankhira mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi. Yochokera ku America inapangidwira mavoti 120 ndi kaulutsidwe kena kotchedwa ATSC, ndipo ya ku Japan ndi ya mavoti 100. Musanailumikize werengani chikwangwani chakumbuyo, ndipo ngati sichinalembedwe kuti imalandira mpaka mavoti 240, ikhoza kupsa nthawi yomweyo.

Chachitatu: mvetsetsani mayina a masikirini

Pano ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa mayinawo ndi ofanana m'kamvekedwe koma zinthu zake n'zosiyana. Ambiri kuno timatchabe TV iliyonse yopyapyala kuti pulazima, koma pulazima yeniyeni inasiya kupangidwa: makampani a Panasonic, Samsung ndi LG onse anaileka pofika kumapeto kwa 2014. Wina akakutsatsani pulazima yeniyeni yakaunjika, dziwani kuti yatha zaka zoposa khumi, ndi yolemera, imatentha, imadya magetsi kwambiri ndipo zipangizo zoikonzera n'zovuta kupeza. Ine sindingalangize aliyense kuigula, ngakhale mtengo wake utatsika chotani.

Dzina lomwe mudzalimve kwambiri ndi LED. Ogulitsa amakonda kunena kuti LCD ndi yakale ndipo LED ndi yamakono, koma TV iliyonse yotchedwa LED ndi LCD ndithu. Sikirini ya LCD siwala yokha. Ili ndi timadontho mamiliyoni tomwe timagwira ntchito ngati timazenera totseguka ndi kutsekeka, ndipo kuseri kwake kumafunika nyali yoti kuwala kwake kudutse pa timazenerato. Kale nyaliyo inkakhala timachubu, ndipo cha m'ma 2009 opanga anayamba kuikamo timababu ta LED tomwe sitidya magetsi ambiri komanso timalola kuti TV ikhale yopyapyala. Popeza nyaliyo imayaka nthawi zonse, kuwala pang'ono kumadutsabe ngakhale pomwe payenera kukhala pakuda bii, ndipo ichi n'chifukwa chake filimu ya usiku imaoneka yotuwa pa TV wamba mukazimitsa getsi la pabalaza.

Kaikidwe ka timababuto kamasiyana. Ma TV ena ali nato m'mphepete mokha, ndipo amakhala opyapyala kwambiri koma kawirikawiri m'makona mwake mumawala kuposa pakati. Ena ali nato kumbuyo konse, ndipo kuwala kwake kumakhala kofanana. Apamwamba mwa amenewa amagawa timababuto m'magulu kuti gulu lomwe lili kuseri kwa malo amdima lichepetse kuwala pomwe ena akuwalabe. Mini-LED ndi njira yomweyi koma yokhala ndi timababu ting'onoting'ono masauzande togawidwa m'magulu mazana, motero mdima ndi kuwala zimalekana bwino kwambiri. Ubwino wina wa banja lonse la LED, womwe ogulitsa sautchula, ndi woti limakonzeka. Vuto lofala pa ma TV amenewa n'loti mawu amamveka koma sikirini ili yakuda. Mukawalitsa tochi pafupi n'kuona chithunzi chozimiririka, ndiye kuti timababu ndito tafa, ndipo amisiri a m'misika yathu amatha kusintha timizere ta timababuto pa mtengo wochepa poyerekeza ndi kugula TV ina.

QLED nayonso ndi LCD, ngakhale dzina lake likufanana ndi OLED. Kampani ya Samsung inayamba kugwiritsa ntchito dzinali mu 2017, ndipo lero TCL ndi makampani ena amaligwiritsanso ntchito. Chomwe anawonjezera ndi kansalu kopyapyala ka tinthu tating'ono kwambiri komwe kamaikidwa pakati pa nyali ndi sikirini, ndipo kuwala kwa buluu kukakagunda kamatulutsa kufiira ndi kubiriwira koyera bwino. Zotsatira zake ndi mitundu yowala yomwe siizimiririka ngakhale pabalaza pali dzuwa. Komabe QLED yotsika mtengo yomwe timababu take sitinagawidwe m'magulu imakhala ndi vuto lomwe lija la mdima wotuwa, choncho dzina lokhalo silikutanthauza kuti mwapeza yapamwamba.

OLED ndiyo yosiyana ndi onsewa. Ilibe nyali kuseri, chifukwa kadontho kalikonse kamawala kokha ndipo kakafunika kuda kamangozima. Mdima wake ndi weniweni, mitundu siisintha ngakhale mutakhala cham'mbali, ndipo zinthu zothamanga zimaoneka bwino. Kampani ya LG inatulutsa OLED ya mainchi 55 mu 2013, ndipo lero Sony, Panasonic ndi Samsung nawonso ali ndi zawo. Kwa munthu wokonda mafilimu amene amaonera usiku m'chipinda chamdima, palibe ina yoposa imeneyi. Koma ndi yodula kwambiri, ndipo ili ndi chofooka chomwe chikutikhudza ife amene timasiya siteshoni imodzi tsiku lonse: chinthu chosasuntha, monga chizindikiro cha siteshoni pakona kapena kabokosi ka zigoli, chikakhala malo amodzi maola ambiri tsiku ndi tsiku kwa miyezi, timadontho ta pamenepo timakalamba msanga ndipo pamatsala chithunzithunzi chosafufutika. Opanga aikamo njira zochepetsera vutoli, komabe pamalo oonetsera mpira, m'malo odyera kapena m'chipinda chodikirira alendo, OLED si yoyenera. Sikirini yake ikawonongeka, kukonza kumafuna ndalama zoyandikira mtengo wa TV yatsopano.

Pali kusiyana kwina komwe sikulembedwa kawirikawiri pakatoni, koma m'nyumba zathu n'kofunika kuposa mayina onsewa. Masikirini a LCD alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, VA ndi IPS. Ya VA imaonetsa mdima wabwino mukakhala pakati penipeni, koma mukasunthira pambali mitundu imatuwa. Ya IPS imasunga mitundu ngakhale muli cham'mbali, koma mdima wake ndi wotuwirako. Ndinaziona izi kwa achimwene anga, omwe anagula TV ya mainchi 55 yooneka bwino kwambiri kwa amene wakhala pasofa yapakati. Tsiku la mpira anansi atadzaza, ana anayala mkeka cha kukhomo ndipo ine ndinakhala nawo pamenepo. Kapinga wa m'bwalo ankaoneka ngati wa mwezi wa Seputembala, ndipo malaya ofiira a osewera ankaoneka ngati achapidwa kambirimbiri, pomwe achimwene pasofa ankayamikira kukongola kwa chithunzi chomwecho. Ngati nyumba yanu imadzaza anthu okhala mozungulira, funani IPS. Ngati mumaonera anthu awiri kapena atatu moyang'anizana ndi TV, makamaka usiku, VA ndiyo yabwino. Kampani imodzi imatha kuika VA pa TV ya kukula kwina ndi IPS pa ina, choncho njira yodalirika ndi kuyesa ndi maso anu.

Chachinayi: werengani manambala a pakatoni

HD Ready kawirikawiri imatanthauza timadontho 1366 m'lifupi ndi 768 m'mwamba, Full HD ndi 1920 ndi 1080, pomwe 4K ndi 3840 ndi 2160, kutanthauza timadontho toposa mamiliyoni 8, kuwirikiza kanayi Full HD. Pa TV ya mainchi 32 yoonera muli mamita 2, HD Ready ndi yokwanira. Pa mainchi 40 kapena 43 musalole yochepera Full HD, ndipo kuyambira mainchi 50 kupita m'mwamba pafupifupi ma TV onse atsopano ndi a 4K. Za 8K musataye nazo nthawi, chifukwa zoti muonerepo n'zochepa kwambiri.

Nambala ya Hz imanena kuti chithunzi chimasinthidwa kangati pa sekondi imodzi. Ma TV wamba ndi a 50 kapena 60, ndipo apamwamba ndi a 100 kapena 120. Masiteshoni a kuno amaulutsa pa 50, choncho kwa ambiri TV wamba ikukwanira, ndipo 120 imapindulitsa makamaka osewera magemu pa PlayStation 5 kapena Xbox Series X. Manambala aakulu monga 200 kapena 400 olembedwa pafupi ndi mayina okometsera amakhala a malonda chabe. Chimodzimodzinso HDR, njira yoonetsera kuwala ndi mdima molekana kwambiri: TV yotsika mtengo imatha kulembedwa kuti ili ndi HDR chifukwa imalandira chithunzi cha mtunduwo, koma nyali yake ilibe mphamvu yochionetsa momwe chinayenera kuonekera.

Chachisanu: ganizirani za magetsi

Kumbuyo kwa TV iliyonse kuli chikwangwani chonena mawati omwe imadya. Ya LED ya mainchi 32 imadya pafupifupi mawati 30 mpaka 50, pomwe ya mainchi 55 imatha kudya 100 kapena kuposa. TV ya mawati 100 ikayaka maola 5 patsiku imatha theka la yuniti, omwe ndi mayuniti 15 pamwezi. Kwa ogwiritsa ntchito magetsi a ESCOM kusiyanaku n'kochepa, koma kwa odalira sola ndi batire ndiko kumatsimikiza ngati mpira udzathe batire lisanathe. Kumudzi kapena kulikonse komwe sola ndi yaing'ono, TV ya mavoti 12 yolumikiza mwachindunji kubatire imasunga moto kuposa yodutsa pa inveta, chifukwa inveta nayo imadya gawo lake.

Pa ndalama zomwe mwakonza, patulani zina zogulira chotetezera chomwe m'masitolo amachitcha TV guard. Magetsi akathima n'kubwerera, mphindi zoyambazo mphamvu yake imatha kukwera kapena kutsika mosayenera, ndipo chipangizochi chimadikira kaye kuti akhazikike chisanawalole kulowa mu TV. Chotetezerachi sichingaimitse mphezi. M'nyengo ya mvula, kukayamba kugunda, zulani pulagi komanso chingwe chochokera kudishi kapena kumlongoti, chifukwa mphezi imatha kulowera m'chingwecho, n'kudutsa mu dekoda, n'kuotcha TV kudzera pa HDMI.

Chachisanu ndi chimodzi: smart TV, zolumikizira ndi mawu

Smart TV ndi yomwe imalumikizika pa intaneti n'kutsegula YouTube, Netflix ndi mapulogalamu ena. Samsung imagwiritsa ntchito pulogalamu yoyendetsera TV yotchedwa Tizen, LG ili ndi webOS, Hisense ili ndi VIDAA, pomwe Sony ndi ma TV ambiri a TCL ali ndi Google TV. Musanaikonde, werengerani bandulo: malinga ndi Netflix, ola limodzi la HD limatha kudya mpaka ma GB 3, ndipo la 4K mpaka ma GB 7. Mapulogalamu a mu TV amakalamba msanga kuposa sikirini, ndipo akayamba kuchedwa mutha kugula kabokosi kolumikiza pa HDMI kuti TV ikhalenso yamakono. Choncho posankha pakati pa sikirini yabwino ndi mapulogalamu ambiri, ine ndimati tengani sikirini yabwino.

Onetsetsani kuti pali malo a HDMI osachepera atatu, a USB, komanso a zingwe zitatu zija zachikasu, zoyera ndi zofiira ngati dekoda kapena DVD yanu ndi yakale, chifukwa ma TV ambiri atsopano alibe. Mawu a TV yopyapyala amakhala opyapyalanso, popeza mulibe malo a masipika aakulu. Ngati mudzalumikize masipika ena, funani malo a HDMI olembedwa ARC kapena eARC, omwe amatumiza mawu a TV ku masipikawo ndipo kawirikawiri amalola kukweza ndi kutsitsa mawu ndi rimoti imodzi.

Chachisanu ndi chiwiri: iyeseni musanalipire

Pitani kusitolo ndi fulashi yomwe mwaikamo zithunzi zisanu za mtundu umodziumodzi wodzaza sikirini yonse, choyera, chakuda, chofiira, chobiriwira ndi cha buluu, komanso kachidutswa ka mpira ndi ka filimu ya usiku. Pemphani kuti atsegule katoni ya TV yomwe mutenge, osati kuyesa yapakhoma n'kukupatsani ina yotseka. Pa chithunzi choyera yandikirani mufufuze kadontho kakuda kapena mabala otuwa. Pa chakuda fufuzani kadontho kowala komanso kuwala kotuluka m'makona ngati mitambo. Yendani pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita kumbali mukuyang'ana nkhope ya munthu pa sikirini, ndipo muone pomwe khungu lake layamba kutuwa. Ngati n'kotheka, pemphani kuti akuikireni siteshoni ya kuno kudzera pa dekoda, chifukwa ndiyo idzakuuzeni zoona za momwe TV imatambasulira chithunzi chofooka.

Yang'anani nambala ya TV pamalo atatu: pakatoni, pachikwangwani chakumbuyo ndi m'kati mwa TV pa gawo lofotokoza za chipangizocho. Zonse zitatu ziyenera kufanana. Zaka zingapo zapitazo ndinatsala pang'ono kugula TV yokhala ndi dzina la kampani yotchuka pa mtengo wotsika modabwitsa. Nditapalasa dzinalo ndi chala ndinamva kuti zilembo zake zinachita kumatidwa ndipo chimodzi chinali chopendama pang'ono, rimoti inali yopepuka yopanda dzina, ndipo TV itayaka zolemba za m'kati mwake sizinali zofanana n'komwe ndi za kampaniyo. Wogulitsa anangoti zonse zimachokera ku fakitale imodzi. Palibe cholakwika kugula TV ya kampani yosadziwika pa mtengo wake woyenera, koma TV yobisala m'dzina la eni ake ilibe waranti kwina kulikonse ndipo simudziwa zomwe zili m'kati.

Musachoke popanda risiti yolembedwa tsiku, dzina la sitolo, mtundu wa TV ndi nambala yake. Funsani kuti waranti ndi ya miyezi ingati, ndani amakonza, amakonzera kuti, komanso ngati imakhudza kuwonongeka kobwera ndi magetsi, chifukwa kawirikawiri sikhudza. TV yogulidwa ku Johannesburg n'kubwera pa basi imatha kutsika mtengo, koma muwonjezerepo ndalama za mayendedwe ndi msonkho wa MRA pachipata, ndipo mukumbukire kuti ikawonongeka waranti yake ingafune kuti ibwerere komwe inagulidwa. Pakakhala kusamvana ndi wogulitsa wa kuno, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo risiti ndiyo umboni woyamba womwe mudzafunike kuonetsa.

Chachisanu ndi chitatu: kunyamula ndi kuika

TV yopyapyala imanyamulidwa choimirira ili m'katoni mwake. Mukaigoneka chafufumimba kapena chagada kumbuyo kwa galimoto, galasi lake lopyapyala limagwedezeka pakati pomwe palibe chochirikiza, ndipo dzenje limodzi la mumsewu ndi lokwanira kuling'alula. Waranti siilipira galasi losweka. Poitulutsa m'katoni mukhale anthu awiri, mugwire m'mphepete mwapansi ndi m'mbali, osafinya sikirini ndi zala.

Ngati mukuipachika pakhoma, onani kutalikirana kwa mabowo anayi akumbuyo, komwe kumalembedwa m'mamilimita monga 200 x 200 kapena 400 x 400, ndipo mugule chopachikira chogwirizana ndi muyezowo komanso kulemera kwa TV. Khoma la njerwa zowotcha kapena mabuloko limagwira bwino mabawuti, koma la zidina ndi losadalirika, ndipo pamenepo tebulo lolimba ndi labwino, TV itamangiriridwa kumbuyo kuti mwana asaigwetse. Pakati pa sikirini pakhale pafupi ndi msinkhu wa maso a munthu wokhala pampando, chifukwa TV yopachikidwa pafupi ndi denga imatopetsa khosi komanso, ikakhala ya VA, imatuwa poiyang'ana kuchokera pansi. Isayang'anizane ndi zenera, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata woti mpweya uzidutsa.

Mukaiyatsa koyamba idzakufunsani ngati ili m'sitolo kapena kunyumba. Sankhani kunyumba, kenako muchoke pa chithunzi cha Vivid kapena Dynamic n'kuika Standard masana ndi Movie kapena Cinema usiku. Masiku awiri oyamba chidzaoneka chozizira pang'ono, koma maso akazolowera mudzaona kuti nkhope za anthu zili ndi khungu lenileni, magetsi akudyedwa ochepa, ndipo timababu takumbuyo sititentha mopitirira muyeso. Fumbi la mwezi wa Okutobala likatera pa sikirini, zimitsani TV n'kupukuta mopepuka ndi kansalu kofewa kouma, ndipo ngati pali zala za ana nyowetsani kansaluko pang'ono ndi madzi oyera, osathira madzi kapena mankhwala otsukira mawindo pa sikirini penipenipo. Katoni ndi zotchingira zake zoyera zija muzisunge pamalo ouma mpaka waranti itatha, chifukwa TV ikafunika kubwerera kusitolo idzayenda m'menemo.